A Zebron Ankadula Anthu N'kusiya Maluwa

Kwathu ku Zemba, mukangotchula dzina la a Zebron, achikulire amayamba agwira m'thumba kuti aone ngati chithunzi chawo chikadalimo. Ena amatchuka ndi ulimi, ena ndi mowa, koma bambo amenewa anatchuka ndi sizasi. Ankaivala pakhosi, ataimangirira ku chingwe cha nsapato, ndipo chithunzi chilichonse chodutsa m'manja mwawo chinkabwerera kwa mwini wake chitachepa. Panalibe amene ankawapempha, iwonso panalibe amene ankamupempha.

Khalidweli analitenga ku Halale, kumene anakhala zaka khumi ndi zinayi m'sitolo ya mzungu wojambula zithunzi, akusesa pansi ndi kudula m'mbali mwa mapepala. Kamera sanaigwirepo n'kamodzi komwe, koma pobwera kumudzi ankalankhula ngati anaipanga ndiwo. Mwayi wathu unali wakuti dera lonselo linalibe kamera, ndiye sizasi ija inkangowenga zikhadabo. Mwayiwo unatha mu 1953, pamene kusukulu ya mishoni kunabwera mphunzitsi watsopano, a Ezara.

A Ezara anali munthu wofatsa, wamanyazi, woti nkhuku ikawaponda opepesa n'kukhala iwo. Anabwera ndi akazi awo a Elinata, ndiponso kamera ya bokosi yomwe anapatsidwa ndi alamu awo. Chimene ankakonda kujambula chinali maluwa. Anthu ankagwira pakamwa kuona munthu wophunzira akuononga filimu pa chinthu chosadyedwa, koma iwo analibe nazo ntchito. Filimu ikatha ankaipereka kwa a Lenard, onyamula makalata pa njinga, kuti ikatsukidwe kwa mmwenye wina kutauni ya Jemusoni. Pakapita milungu isanu ndi umodzi m'pamene envelopu inkabwera, muli zithunzi zisanu ndi zitatu.

Tsiku la envelopu yoyamba, a Ezara anakhala pakhonde la sukulu ali ndi chimwemwe. Asanaone n'chimodzi chomwe anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Tione nawo, aphunzitsi."

Anali a Zebron, ndipo munthu wamkulu sumumana. Anapereka ndi manja awiri.

"Apa mwajambula chiyani?" anafunsa a Zebron.

"Duwa la kakombo, bambo, la kudambo kuja."

"Ine ndikuona ng'ombe."

"Ng'ombeyo inangodutsa."

"Diso silidziwa zoti inangodutsa. Diso limagwera pamene lagwera, ndipo langa lagwera pa ng'ombe."

Sizasi inalira kawiri, ng'ombe n'kuchoka. A Ezara anangoti kukamwa yasa. Ankafuna kukuwa, koma ulemu unawaletsa, ndipo pamene mawu ankabwera n'kuti a Zebron atafika kale pa chithunzi chachisanu. Chimenechi chinali cha a Elinata, atavala diresi latsopano, ataima pambali pa maluwa a deliya.

"Bambo, amenewo ndi akazi anga!"

"Ndawaona. Ndi amayi abwino, koma aphimba theka la duwa."

Madzulo a tsikulo a Elinata anachitembenuza kachithunziko uku ndi uku. "Ine ndili pati apa?"

"Chigongono ichi ndi chanu," anatero a Ezara, maso ali pansi.

Kwa masiku atatu a Elinata ankalankhula ndi amuna awo kudzera mwa galu. Koma chimene chinawapweteka kwambiri a Ezara sichinali chimenecho ayi. Atazindanda zithunzi zija patebulo anaona ndi maso awo kuti zodulidwazo zinali zokongola kuposa ziwiri zimene zinapulumuka. Palibe chowawa ngati munthu wokulakwira akakhala kuti akunena zoona.

Kuyambira pamenepo a Ezara akatuluka ndi kamera, a Zebron anali pambuyo. "Duwa musaliike pakatikati ngati wopalamula pabwalo, lisendezeni pambali lipume! Dzuwa likhale kumsana kwanu! Chimbudzi icho mukuchifuna m'chithunzi? Yandikirani, aphunzitsi! Gwadani!"

Kugwadako n'kumene kunabweretsa mlandu. Mmawa wina mkulu wa mpingo, a Fulansisi, anawapeza aphunzitsi atagwada m'munda, chipewa chili pambali, mutu atazyolika pamaso pa duwa la dzungu. Nkhani inafika kwa akulu ampingo tsiku lomwelo.

"Mphunzitsi wa mishoni kugwadira chiluwe!" anatero a Fulansisi. "Chinthu choti akazi athu amathira nsinjiro!"

A Zebron anadziitana okha kudzachitira umboni. "Kugwada anagwadadi, koma sanakwanitse. Ine ndinawauza kuti agone chafufumimba."

Pofuna mtendere, a Ezara anawajambula a Fulansisi atavala jekete, ataima pansi pa mtengo wa muwale, maluwa ake ofiira atagwa mbwee. Envelopu itabwera, a Fulansisi anatsala nsapato imodzi.

"Nsapatoyo ndaisiya dala," anatero a Zebron. "Ikuthandiza kuonetsa kukula kwa duwa."

Ndi mmene zinkakhalira. A Wadson, mlimi wa thonje, anadulidwa pamodzi ndi njinga yawo yomwe chifukwa chodutsa kumbuyo kwa kakombo. Mkwatibwi wina anachotsedwa pa ukwati wake, n'kutsala maluwa amene ananyamula. Zidutswazo a Zebron ankaziponya m'thumba la jekete, ndipo chifukwa cha mkwiyo panalibe amene anaganiza zofunsa kumene zinkathera.

Mu 1956 kunabwera kalata yochokera ku Mufulira, yolembera aphunzitsi. Inali ya Magret, mwana mmodzi yekhayo wa a Zebron, amene anatsata mwamuna wake kumigodi zaka khumi zapitazo osabwerako. "Chonde aphunzitsi," inatero kalatayo, "ndamva kuti muli ndi kamera. Nditumizireni chithunzi cha atate. Ana anga atatu sawadziwa, ndipo ine ndemwe nkhope yawo yayamba kundithawa." A Ezara anayankha tsiku lomwelo kuti asade nkhawa, chithunzi chibwera. Analonjeza mosavuta, ngati munthu wosawadziwa a Zebron.

"Ine? Iyayi," anatero a Zebron atauzidwa. "Nkhope iyi ilibe poyambira. Makutu akukokera kwina, mphuno kwina. Diso la munthu lingasochere."

"Koma ndi mwana wanu akupempha."

"Mtumizireni kakombo uja. Ndinamudula bwino kwambiri."

A Ezara anayesa zakuba. Kawiri konse anawajambula mobisa ali kumbuyo kwa maluwa, koma a Zebron ankadziwa mtengo wa mango umene a Lenard ankapumirapo, ndipo envelopu inkayamba yadutsa m'manja mwawo. "Chitsa ichi chikutani kumbuyo kwa duwa?" Sizasi n'kulira. Zidutswa zimenezi zokha sizinkalowa m'thumba. Ankazing'amba ting'onoting'ono n'kuzipereka kumphepo.

Kenaka a Ezara anakumbukira kuti mmwenye uja ankabweza timapepala takuda toonekera, tomwe akhoza kutsukirapo chithunzi china. Anathamangira kunyumba, n'kutsegula sutikesi, koma munalibe kanthu.

"Mukufuna timapepala tija toonetsa anthu nkhope yoyera, mano akuda?" anafunsa a Elinata. "Ndimakolezera moto. Ine ndizikhala nyumba imodzi ndi mizukwa? Ndiponso timayaka bwino zedi, kuposa udzu."

A Ezara anangokhala pansi, padothi, ndi buluku lawo la kusukulu.

Chaka chinatha, ndipo Magret analembanso kawiri. Kalata yachiwiriyo a Ezara anachita manyazi kuiyankha. Mu Epulo 1957, filimu itatsala malo amodzi, anawaitana a Zebron kumunda wa sukulu kumene kunali mpendadzuwa wamkulu wowerama.

"Tandigwirirani tsinde ili, bambo, kuti duwa lidzuke. Dzanja lokha ndilo lioneke."

A Zebron anagwira. A Ezara anayang'ana m'kagalasi ka kamera, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu.

"Mukupita kuti? Ndinati muziyandikira!"

"Linthumbu, bambo! Pali linthumbu apa!"

"Linthumbu lake liti? Zaka zinayi ndikukuphunzitsani inu, koma mutu wanu..."

A Ezara anadina kamera. Linali bodza lawo loyamba chifikire ku Zemba, ndipo anajambula mwaphuma kotero kuti sanadziwe ngati ajambula munthu kapena mitambo. Anawanong'oneza a Lenard kuti ulendo uno podzabwera adzadzere njira ya ku Zingalume, kupewa mtengo wa mango uja.

Kuzemba konseko kunali kwachabe. Kuzizira kutangoyamba a Zebron anagwidwa ndi chibayo, ndipo sanathe mlungu. Mudzi wonse unadzidzimuka, pakuti tinkaganiza kuti munthu wovuta chotere imfa yomwe ingamuope. Filimu nayo inachedwa ku Jemusoni, mmwenye uja atapita ku ukwati wa mbale wake.

Magret anafika patapita milungu itatu, manda atauma kale, ali ndi mwana wamkazi wamng'ono. Abale atasonkhana kuti aone katundu wa malemu, pansi pa bedi anapezapo chitini cha mabisiketi. Amene anachitsegula anakuwa n'kuchiponya pansi. Pamphasa panamwazika mitu ya anthu, miyendo, mapewa, theka la ng'ombe.

"Mayo ine! Ufiti!" anakuwa mayi wina, ndipo ena anayamba kale kupanikizana pakhomo. A Fulansisi anadzipeza okha ali gone pamphasapo, jekete ndi zonse, kupatula nsapato imodzi, ndipo anayambitsa nyimbo yothamangitsa ziwanda.

A Ezara ndi amene anatola kachidutswa kamodzi n'kukatembenuza. Kumbuyo kunali kolembedwa ndi pensulo, zilembo zoyera bwino: "Elinata, mkazi wa aphunzitsi. Diresi lamukhala." Anatola kena: "Wadson ndi njinga yake. Munthu wosaba." Kalikonse kanali ndi dzina, mwezi ndi chaka.

Nyimbo ija inazima yokha. A Idesi, amene amuna awo a Wadson anali atamwalira chaka chathacho, anasendera chokwawa, n'kutenga kachidutswako ndi manja awiri. Anakayang'ana nthawi yaitali. "Ndi iwowa," anatero. "Ndi chipewa chawo chomwe. Ine ndinkati sindidzawaonanso."

Anthu amene ankathawa aja anabwerera, aliyense kufunafuna wake. Magret yekha anafufuza mpaka pansi pa chitini, n'kuchigwedeza, koma atate ake munalibe. Anawayang'ana a Ezara, ndipo a Ezara anakhumba nthaka ikanang'ambika. Munthu anasunga mudzi wonse m'chitini, iye yekha n'kudzitaya.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Magret abwerere, a Lenard anatulukira, atadzeradi njira ya ku Zingalume monga anauzidwira, ngakhale kuti pamtengo wa mango panalibenso woti n'kumuzemba. A Ezara anatsegula envelopu pakhonde la sukulu, Magret ali pambali. Anadutsa zithunzi zisanu ndi ziwiri osaziona n'komwe.

Chachisanu ndi chitatu chinali chopendekeka. Pakatikati, malo oletsedwa aja, panali chimpendadzuwa chachikulu. Kumbuyo kunkaoneka chimbudzi cha sukulu. Koma cha kumanja kunali a Zebron athunthu, sizasi ili pakhosi, kukamwa kuli yasa, chala chikuloza wojambula.

Magret anaseka misozi ikutsika. "Ndi atate amenewa! Akukalipa!" Anamukoka mwana uja. "Taona agogo ako."

Mwanayo anayang'anitsitsa, n'kuloza ndi kachala. "Duwa!"

A Ezara anamva mawu aja m'khutu ngati mwini wake waima kumbuyo: diso limagwera pamene lagwera. Sizasi ija abale anali atawapatsa iwo, poti panalibe wina woifuna. Anaitulutsa m'thumba, napempha chithunzicho ndi manja awiri, ndipo inalira kawiri. Linali duwa labwino kuposa onse amene anajambulapo, koma linagwa pansi pamodzi ndi chimbudzi.

"Nanga tsopano ukuona chiyani?" anafunsa Magret.

"Agogo," anatero mwanayo. "Akundikalipira ine?"

"Akukalipira tonse, mwanangu."

Duwa lodulidwalo a Ezara analilemba mwezi ndi chaka kumbuyo, n'kuliika m'chitini muja.

Anakhala nafe ku Zemba zaka zina zisanu, akujambulabe maluwa awo, koma sizasi ija sanaigwiritsenso ntchito. Envelopu ikabwera ankakhala nayo pakhonde kanthawi osaitsegula, akuyang'ana njira yochokera kumtengo wa mango, kenaka n'kuitsegula okha mwakachetechete. Tinkawasowa a Zebron, ngakhale ife amene tinalumbira kuti pamaliro awo sitidzalira. Zithunzi zinkafika zathunthu tsopano, ng'ombe zili momwemo, zimbudzi zili momwemo, aliyense ali ndi mutu wake ndi miyendo yake yonse. Ndipo a Ezara ankanena okha kuti panalibenso chabwino ngakhale chimodzi.