Tchalitchi Changa cha Papepala

Lolemba
Andisankha! Khoma la tchalitchi chathu lang'aluka ndi mvula, ndiye akulu a mpingo akuti ine, mphunzitsi wopuma ntchito, ndijambule pulani ya chatsopano pofika Lamulungu. Ndikatsinzina ndikuchiona. Denga lalitali, nyimbo zikuzungulira m'mwamba ngati anamzeze. Kuseri kwa guwa, zenera lalikulu loyang'ana kuphiri, mitambo izidutsa ife tikupemphera.

Lachiwiri
Abusa akuliyang'ana pepala nthawi yaitali. "Aphunzitsi, anthu aziona phiri kapena ine?" Zenera ndafufuta. Palibe kanthu, nsanja ya belu ilipo. Lizimveka mpaka pa Chinakanaka!

Lachitatu
Amayi a mpingo andipeza pakhomo, aliyense ndi chake:
malo ovinira popereka zopereka,
khonde lotonthozera ana,
khomo lalikulu loti bokosi la maliro lizilowa osalipendeketsa.
Zonse n'zoona. Ndikukuza khomo, nsanja yasowa poima.

Lachinayi
Chiperoni tsiku lonse, phiri silikuoneka. Ndili pakhonde, ndikujambula masitepe oyera okwera m'nkhungu, akwati akutsika pang'onopang'ono. Akutulukira a Muhiwa ndi ndodo zawo, aja anabwera kuno ndi mwendo umodzi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Akusuzumira, akumwetulira. "Ngokongola, achimwene. Ine ndizimvera panja." Nkhope yanga yagwa. Masitepe ndafufuta iwo ali pomwepo, ndaika njira yosalala. Tamwera limodzi tiyi.

Lachisanu
A kwaya akufuna kutsogolo. Achinyamata akufuna poika masipika. Madoda akufuna kutali ndi masipikawo, koma pafupi ndi abusa. Mlembi wa mpingo wakana zipilala: "Anthu azigona kuseri kwake." Pepala labooka ndi kufufuta! Mayi a kunyumba akundiikira mbatata patebulo, akuyang'ana chotsalacho. "Kodi mwayamba kujambulanso mashedi oyezera tiyi?"

Loweruka
Pepala latsopano, mtima watsopano. Tchalitchi chozungulira! Popanda wakutsogolo, popanda wakumbuyo, tonse tikuonana nkhope. Masana ndasinza pampando, ndalota tili m'katimo, kuwala kukutsikira pakati pathu ngati madzi a mtsinje wa Likhubula. Wondidzutsa ndi mlamu wanga. Akulitembenuza pepala uku ndi uku. "Alamu, nanga abambo azikhala mbali iti, amayi mbali iti?" Pepalalo ndalipinda, ndaliika m'thumba la jekete.

Lamulungu
Titaweruka, komiti yakumana pa udzu. Pulani yanga ikadali m'thumba la jekete. A pampando akuti iwo anaona kale tchalitchi china pa Chonde, makoma anayi ndi malata, ndipo timange chomwecho. Onse m'manja phuphuphu. Kenaka akutembenukira kwa ine mwaulemu: "Koma luso la aphunzitsi lisapite pachabe. Atijambulire zimbudzi."

Ndavomera. Pobwerera, ndikudutsa m'minda ya tiyi, ndayamba kale kuziona: zopaka laimu, maluwa pakhomo, mwina chapafupi ndi mtengo wa mapeyala kuti pazikhala mthunzi. Ndikubwerera kukafunsa za malowo.

Akuti maenje anakumba kale.