Aphunzitsi, Kwerani!

Lolemba, 11 Meyi

Nkhawa ndi iyi: kodi miyendo imene yakhala zaka khumi ndi zisanu ikungoponda buleki ingakumbukire ntchito yake? Munthu ukapitirira zaka makumi asanu, funso limeneli umadzifunsa chamumtima, uli pakati pa masitepe.

Tadala, mwana wanga, chaka chino akuphunzira ku England. Akuti mu Juni ndipite tikayende limodzi m'midzi ya ku Cotswolds. Masiku anayi, wapansi, mudzi ndi mudzi. Kumeneko kuli njira zakalekale zodutsa m'minda ya eni, ndipo lamulo limalola aliyense kudutsamo. Ukafika pampanda suodira. Pali timakwerero ta matabwa, umangokwera n'kutsikira mbali inayo. Nkhosa, timapiri, nyumba za miyala yachikasu, matchalitchi akale kuposa agogo a agogo athu. Mapu ndatambasula kale kanayi!

Koma wandiikira lamulo. Pofika Lamlungu ndikhale nditayendapo mamailosi khumi tsiku limodzi. Ndikalephera, abukitsa basi ya alendo. M'basi ndimamudziwa: timawaya m'makutu, maso pa foni. Mwanayu amamasuka pokhapokha akamayenda. Chichokereni, mafoni athu sapitirira mphindi zinayi.

Ndondomeko:
Lero, mamailosi atatu, mpaka ku laibulale kumene ndimagwira ntchito.
Mawa anayi, ndi chikwama.
Kenako asanu, asanu ndi awiri, kupumula.
Loweruka khumi!

Ndikutuluka. Mphepo yabwino. Theka la mailosi, pii! pii! Mayi Nyirenda, mkulu wa mpingo wathu, m'minibasi yawo.

"Aphunzitsi! Galimoto yatani? Kwerani ndikakudropeni!"

Kumudzi ndinkaphunzitsa jogalafe, dzina silinachoke. Ndikufotokoza kuti ndikuyenda mwadala.

"Mwadala? Kuyenda tinayenda kale ku Malawi, kunakwana. Kwerani, anthu akuliza mahutala kumbuyoku!"

Mayi wamkulu sumukanira pakati pa msewu. Ndakwera.

Lero: theka la mailosi.

Lachiwiri, 12 Meyi

Vuto lina: mzinda wathu wa South Bend, kuno ku Indiana m'dziko la America, ulibe phiri. Kalekale madzi oundana anadutsa dera lino ngati gireda n'kusalaza zonse. Ine mwana wa ku Dedza, ndikusaka chitunda ngati singano!

Ndachipeza m'tauni: nyumba yosanja yoimikamo magalimoto. Msewu wake umakwera mozungulira mpaka padenga. Chitunda ndi chitunda basi.

M'chikwama cha kumsana, kuti thupi lizolowere kulemera: thumba la mpunga, jekete, thaulo, mabotolo awiri a madzi.

Nsanja yoyamba, bwino. Yachiwiri, mpweya wayamba kuperewera. Yachitatu, galimoto yofiira yaima pambali panga. A Mbewe, amene amagwira ntchito kuchipatala chapafupi. Akuyang'ana ine, akuyang'ana chikwama, thaulo likusuzumira pazipi.

"Achimwene, mwagona kuti?"

Ndikunena kuti kunyumba. Ndikufotokoza za Cotswolds, za timapiri, za madzi oundana. Akugwedeza mutu pang'onopang'ono, monga amachitira ndi odwala.

"Musachite manyazi ndi ine. M'banja zimachitika. Kwerani kaye."

Nsanja zitatu zimene ndakwera ndi thukuta, ndatsika pa mphindi imodzi, nditamanga lamba.

Lero: mailosi imodzi, mwina kuchepera.

Lachitatu, 13 Meyi

Foni yayamba kunjenjemera ndisanamwe tiyi. Pa gulu la WhatsApp la Amalawi a kuno: "Tiwakumbukire m'mapemphero aphunzitsi athu. Akudutsa m'nyengo yovuta."

Amen makumi awiri ndi atatu. Ndawerenga.

Mayi a Tadala abwera kuchokera ku shifiti akuseka mpaka misozi. Zimene amva kuchipatala:
1. Galimoto yafa.
2. Apolisi andilanda laisensi.
3. Ntchito yatha.
4. Iwo andithamangitsa panyumba, ndipo ndatuluka ndi mpunga wokha.

"Yachinayiyo ndiye yandisangalatsa," akutero. "Mpunga wanga mubweze."

Sindikwiya. Anthuwa ndimawamvetsa. Tonse tinakula tikuyenda mtunda kupita kusukulu, kuchigayo, kuchipatala. Tinafika kuno m'nyengo ya chisanu opanda galimoto, ndipo wina anatinyamula. Mmalawi akamayenda pansi ku Indiana, ndiye kuti chinachake chalakwika. Kumupitirira ndi tchimo.

Choncho ndalemba uthenga wofotokoza bwinobwino. Ndime zisanu ndi imodzi. Mbiri ya njira za wapansi ku England, kusiyana kwa kuyenda kwa mavuto ndi kuyenda kwa chisangalalo, ndi chithunzi cha mapu.

Mayankho:
"Limbani mtima, aphunzitsi."
"Mulungu sagona."
"Mapuwo ndi a kumene mukusamukira?"

Masana foni ina. A Gondwe a ku Indianapolis, ankhoswe athu chikhalireni kuno. "Loweruka mubwere nonse awiri. Za pa foni ayi."

Loweruka! Tsiku langa la mamailosi khumi!

Lero: kunja mvula. Ziro.

Lachinayi, 14 Meyi

Apanga ndandanda. Ndandanda yeniyeni, ya mayina ndi masiku, yosonyeza amene azindinyamula m'mawa ndi amene azinditenga poweruka.

Ndikutsegula chitseko nditavala nsapato zatsopano zoyendera, a Mbewe ali kale pageti, injini ikulira. Andibweretseranso mandasi.

Ndikuwalozera galimoto yanga ili phee pakhomo, yamoyo, matayala onse anayi. Akuti, "Isiyeni ipume."

Tadala watumiza chithunzi cha timakwerero tija, nkhosa ziwiri zikuyang'ana. Pansi pake, m'Chichewa chake chotsimphina: "Adadi, mwayenda angati?"

Ndayankha: "Zikuyenda."

Si bodza kwenikweni. Zinthu zikuyenda. Amene sakuyenda ndine.

Lero: kuchoka pakhomo kufika pageti.

Lachisanu, 15 Meyi

Ndapempha tchuthi. Lero ndiye lero, mamailosi khumi onse, poti mawa lapita kale.

Ndatulukira khomo la kuseri ngati wakuba m'nyumba yangayanga. Chipewa mpaka m'maso. Misewu yaing'onoing'ono yokha, kumene sikukhala Mmalawi.

Mailosi yoyamba: ufulu! Ndikuimba.
Yachiwiri: nsapato yakumanzere ikupsopsona chidendene.
Yachitatu: yayamba kuluma.

Phunziro: nsapato zatsopano umayamba wazizoloweretsa pang'onopang'ono. Izi ndimazidziwa. Ndinaziwerenga. Ndinawafotokozeranso mayi a Tadala mwezi watha.

Matuza awiri, lina laphulika. Ndakhala pansi m'mphepete mwa msewu, nsapato m'manja. Tsopano ndikuyang'ana galimoto iliyonse ndi maso opempha. Yofiira? Ayi. Minibasi? Ya eni. Ola lathunthu, palibe Mmalawi ndi mmodzi yemwe!

Ndakwera basi ya mumzinda, ndavala sokosi zokha.

Madzulo ndamva chifukwa chake. Atapeza kuti ndasowa panyumba, onse amene sanali ku ntchito anasonkhana kwa Mayi Nyirenda kundipempherera.

Lero: atatu. Ndi matuza.

Loweruka, 16 Meyi

Indianapolis. Ulendo wonse minda yosalala ngati tebulo, chimanga chikungophuka kumene. Oyendetsa ndi mayi a Tadala. Ine ndavala patapata.

A Gondwe atikhazika pa mipando yotalikirana. Pemphero. Kenako: "Tiuzeni, chalakwika n'chiyani?"

Ndatambasula mapu patebulo. Ndikuwaonetsa mizere: ikathithikana ndiye kuti chitunda n'chotsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndiye kuti malo ndi a see. Apa mudzi woyamba, apa tchalitchi, apa mpanda.

Akuvula magalasi. "Ndiye mukuti mukwera ndege, kuwoloka nyanja yonse ija, kuti mukayende pansi m'minda ya eni? Mwini munda akakupezani muzikati chiyani?"

Ndikuyambanso za lamulo lija. Mayi a Tadala andigwira mkono.

"Ankhoswe, za mapuzi zisiyeni. Nkhani ndi mwana. Ali wamng'ono ku Dedza, bambo akewa ndi amene ankamuperekeza kusukulu, ndipo njira yonse ankangolongolola. Pano akaimba foni amati, muli bwanji, ndili bwino, basi. Akufuna akamumvenso akuyankhula."

Ine maso pa patapata. Sindinkadziwa kuti akudziwa.

A Gondwe akutsokomola. "Nanga bwanji simunangonena choncho?"

Ndinalemba ndime zisanu ndi imodzi!

A Gondwe afunsa masiku a ulendo ndi mayina a midzi, alemba pakapepala. Ndikuganiza kuti n'zoti azitipempherera.

Tisananyamuke ndikuti ndikagule usipa pa sitolo ya ku Lafayette Road, yooneka ndi maso kuchokera pakhomo pawo. A Gondwe atola makiyi. "Ndi mapazi amenewo? Kwerani."

Lero: ziro.

Lamlungu, 17 Meyi

Kutchalitchi Mayi Nyirenda alengeza kuti mapemphero ayankhidwa, banja la aphunzitsi lili bwino. Anthu aomba m'manja. Ndaimirira, ndathokoza. Ndikanatani?

Sabata yonse: mamailosi anayi ndi theka. Ofunika: khumi, tsiku limodzi.

Masana ndamuimbira Tadala. Ndaganiza zongonena zoona. Mayi Nyirenda, chikwama cha mpunga, ndandanda, sokosi m'basi, mipando yotalikirana. Waseka mpaka kutsamwa. Akuti ndibwerezenso za a Mbewe. Akufunsa ngati njira ya kusukulu ku Dedza inalidi ndi mtengo wa mapeyala kapena amangolota. Unalipo! Ndamufotokozera mtengowo, mwini wake, ndi galu wake.

Nditayang'ana foni: mphindi makumi asanu ndi ziwiri.

Kenako ndikuti, "Chabwino, mwanawe, ndalephera. Bukitsa basi ija."

Akuti wabukitsa kale njira ya wapansi. M'mawa walandira foni kuchokera kwa bambo wina wa ku Leicester, ku England komweko, mlamu wawo wa a Gondwe. Sanaonanepo. Bamboyo watenga kale tchuthi masiku anayi omwewo, ali ndi galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, ndipo azitidikira pa mudzi uliwonse. Ndiye Tadala akuti palibenso choopa: miyendo yanga ikakana, lifiti ilipo.

Kapepala kaja!

Ndagonja. Ndikawoloka nyanja, ndikaona nkhosa ndi nyumba za miyala, ndipo pakhomo pa tchalitchi chakale chilichonse padzakhala Mmalawi, windo lotsitsa, akuti kwerani. Mwayi wake, njira zija zimadutsa m'minda, ndipo galimoto sikwera timakwerero ta pampanda. Kuchoka mudzi uwu kufika winawo tidzakhala awiriwiri.

Mpunga ndabweza. Nsapato ndiziyamba mawa, m'nyumba momwemuno, kuchipinda mpaka kukhitchini.

Inu amene mudzapeze kabukuka, tayesaniko tsiku lina kuyenda mailosi imodzi yokha ndi mwana wanu. Foni isiyeni kunyumba. Koma a Mbewe muyambe mwawauza.