Ndowa Imodzi Yoonjezera

Lolemba, 23 Okutobala

Bisimillahi. Kope latsopano, ntchito yatsopano.

Ndilembe chifukwa chake, ndingadzaiwale. Ndine wosamalira mzikiti wathu uno kwa Mponda, chaka cha 19. Madzi amene timasamba tisanaswali, kudzanso a sopo otsukira ndi ochapira, amatsika m'kangalande mapazi 64 mpaka padooko la pa Shire pamene amayi amatunga. Akazi anga Abiti Saidi amatunganso pomwepo. Akuti: "Zaka zonsezi ndakhala ndikukuphikirani tiyi wa mapazi a komiti."

Che Bwanali, apampando a komiti, akufuna paipi yoti izikalavulira madziwo mumtsinje. "Shire ndi wamkulu, ameza." Koma kukamwa kwa paipiyo kukhala kumtunda kwa dooko! Ndapempha sabata imodzi kuti ndiyese zimene alangizi a zaumoyo anatijambulira papepala: dambo lochita kukumba. Avomera. Madzi akafika padooko Lachisanu, komiti ikumana Lamulungu, paipi ilowa.

Maenje atatu ndinamaliza kukumba dzulo, kuseri kwa mzikiti. Lero ndadzaza:

Loyamba, miyala 85. Litsiro lizitsalira m'menemo.
Lachiwiri, mchenga mawilibala 9.
Lachitatu, mabango 144 ndi mizu yake yomwe, mizere 12 ya 12. Mizu izimwa zotsala.

Masamu ake: masiku wamba anthu 23, swala 5, aliyense ketulo imodzi, maketulo 115. Maketulo 10 ndi ndowa imodzi, ndiye ndowa 11 ndi theka pa tsiku. Lachisanu masana anthu 210 nthawi imodzi, ndowa 21. Maenje amalandira ndowa 30. Malo otsala: ndowa 9. Mtima uli m'malo!

Chikwangwani ndalemba ndi makala pakatoni. Ndimafuna chinene kuti DAMBO LOSEFA MADZI, CHONDE MUSAKHUDZE. Zilembo ndakulitsa. Katoni yathera pa CHONDE. Palibe kanthu, anthu amvetsa.

Lachiwiri, 24 Okutobala

Anthu amvetsa, koma zina.

Ikukwana 7 koloko, Abiti Mussa, akazi awo a Che Bwanali, ali m'dzenje lachitatu mpaka m'maondo. Khasu. Ana a nthochi atatu. Koko m'dengu.

"Mwalemba nokha kuti pali chonde."

Ndikufotokoza kuti chonde wanga ndi wopempha, si wa nthaka, ndiponso ili ndi dambo, si dimba. Akuti: "Dambo ndi dimba kusiyana kwake ndi khasu basi."

Ndatsegula pakamwa kuti ndikane. Patuluka "zikomo". Sindikudziwa kuti zimachitika bwanji, chiyambire ubwana wanga. Komanso ndi akazi a apampando. Komanso nthochi imamwa madzi, alangizi ananenapo. Komanso andipatsa zitumbuwa ziwiri, zotentha.

Azula mizere iwiri. Mabango: 120.
Aunjika dothi la nthochi zawo m'dzenjemo. Malo a madzi atsika kuchoka pa ndowa 30 kufika pa 26, kuyerekeza ndi ndodo.

Masana Ashehe andipeza ndikuwerengera pansi pa mtengo wa mango. Ndawaonetsa masamu a Lachisanu. Ayang'ana, agwedeza mutu. "Mashallah. Koma Lachisanu lino pali ndowa imodzi yoonjezera, musaiwale."

Taonani mtsogoleri wosamala! Ine ndowa imeneyo sindinaione. Mwina ndi ya alendo. Ndalemba: 21 kuonjeza 1, ndowa 22. Malo otsala: 4. Zikadali bwino.

Madzi a lero afika pa phazi la 30 n'kulowa pansi. Dooko louma. Alihamdulillahi.

Lachitatu, 25 Okutobala

Bambo Yohane, msodzi woyandikana nafe. Ndi Mkhristu, koma denga la mzikiti likadontha amakwera ndi iwo. Abwera ndi beseni. M'besenimo milamba inayi, yamoyo, ndevu zili gwede gwede.

"Achimwene, madzi oima ndi udzudzu. Awa ndi alonda anu."

Mtima wabwino chotere ungaukane? Koma mlamba sukhala mumchenga. Afukula dzenje lachiwiri kuti alonda apeze posambira. Mawilibala anga 9 ali pambali tsopano, ndipo amayi akutapa wotsukira miphika. Aliyense akutapa akundithokoza. Nanenso ndikuthokoza. Sindikudziwa chimene ndikuthokoza.

Pochoka Bambo Yohane aona dzenje loyamba. "Miyala yabwino chonchi yangokhala?" Khoka lawo likusowa zolemetsa. Atenga 20. Asankha yosalala.

Miyala: 65.
Mchenga: mulu umodzi, ukuchepa.
Milamba: 4. Papepala la alangizi palibe.

Madzulo mabango ndawerenga kawiri. Mzere wina wasowa. Ndafunsa kumbali ya amayi, palibe akudziwa. Ndafika kunyumba, mpanda wa bafa lathu umene mbuzi inaboola mwezi wa Juni watsekeka bwino, ndi bango lanthete, mizu ili lende.

Abiti Saidi: "Bango la amuna anga lilipo, ndikadule la kumtsinje kwa ng'ona?"

Akunena zoona. Ng'ona ilipo. Ndipo ndasamba mosadzikunga koyamba chichokere Juni.

Mabango: 108.

Lachinayi, 26 Okutobala

Abakha a Ashehe. Asanu ndi awiri. Palibe wawaitana, palibe angawathamangitse. Ndawauza "fyaa" motsitsa mawu, mwaulemu. Andiyang'ana.

Mbiri yamveka mudzi wonse kuti kumzikiti kwatsegulidwa dimba la sadaka. Zimene ndapeza pofika 10 koloko:

nazale ya mpunga, eni ake sindikuwadziwa
mizimbe 6
mpiru
tomato, atamangirira ku mabango anga
mphonda imodzi yayang'ana kale kumpanda

Mayi wina wondidziwa kuyambira ndili mnyamata wandigwira dzanja. "Mulungu akudalitseni, Che Mwenye, mwaganizira amasiye." Ndingamuuze bwanji kuti ndinaganizira sopo?

Ndayesa madzi monga anatiphunzitsira alangizi. Botolo limodzi polowera, lina potulukira, kuwaimika padzuwa. Olowa: ngati tiyi wopanda mkaka. Otuluka: ngati tiyi wamkaka. Zatembenuka! Ndi abakha.

Mabango: 41. Ndachotsera katatu, yankho ndi lomwelo. 67 tsiku limodzi!

Chakumasana Che Bwanali adutsa ndi chingwe, akuyeza kuchokera posambira mpaka kumtsinje. Sananyoze. Angoti: "Dambo lanu lakongola, Che. Lili ngati msika." Ndawagwirira nsonga ya chingwe, poti analibe wowagwirira. Ndiye kuti paipi yondigonjetsa ndaiyeza ndine. Mapazi 71.

Komabe masamu akuti mawa ndowa 22, malo 26. Masamu sananditayepo. Inshallah.

Lachisanu, 27 Okutobala

Ndowa!

Ashehe sankanena ndowa yotungira madzi. Ankanena ndowa yathu ija ya Chiyao. Ukwati! Mphwawo wa ku Katuli akumangitsa ukwati kuno, ndipo ine, munthu wobadwira m'Chiyao, ndalemba ukwati wathunthu ngati maketulo 10.

Malole awiri. Njinga zosawerengeka. Ndayamba kuwerenga anthu pachipata, ndasokonezeka pa 380 pamene azakhali a mkwati andikumbatira poyesa ndine m'bale.

Zolowa m'dambo langa lero:

mapazi a ku Katuli, fumbi lake lofiira
madzi otsukira mpunga, miphika ikuluikulu isanu
madzi otsukira matumbo a mbuzi ziwiri
sopo
sapato imodzi

12:40, dzenje loyamba ladzaza.
12:48, lachiwiri.
12:55, lachitatu. Nthochi zili m'khosi.

Kenaka madzi atuluka n'kugwira njira yawo yakale ngati munthu wodziwa kwawo. Ndayenda nawo pambali, phazi ndi phazi, ndikuwerenga. 30. 45. Pa 52 wandipitirira mlamba mmodzi, ukuthamanga kuposa ine. Pa 64, dooko. Nthawi 1:09. Thovu la sopo lalowa mu Shire ndi njere za mpunga, pamene Abiti Saidi amaviika chidebe chawo.

Che Bwanali aima kumtunda atavala mkanjo woyera, manja kumbuyo. Angoyang'ana thovulo. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ndabwerera, ndaswali mochedwa, mapazi amatope ndasambanso. Ketulo ina m'dambo.

Mabango: 9. Ena alendo athyola oingitsira ntchentche, ena agona pansi pa mphasa.
Milamba: 3.

Ashehe: "Ndinakuuzanitu." Anandiuzadi.

Andipatsa mpunga mbale yodzaza, nyama nthuli zinayi, ndi chiwindi chomwe. Mkwatibwi ndi mwana waulemu, wagwada popereka madzi. Ndadya ndikulira pang'ono. Anthu ayesa ndi tsabola. Mpunga unali wokoma, zimenezo sindinganame.

Loweruka, 28 Okutobala

Ndadzuka ndi ganizo limodzi: ndikwirire maenje ndekha komiti isanandiuze. Munthu ukagwa, dzuka anthu asanabwere kudzakupepesa.

Ndafika ndi khasu. Abiti Mussa ali pomwepo kale, akuwongola nthochi.

"Mukwirire za ndani?"

Ndafotokoza za paipi. Kuti ikalowa, madzi onse azipita kumtsinje molunjika, kuno sikudzadutsa dontho. Ndinayesa akudziwa. Sankadziwa! Aimika khasu. Aitana eni mpunga, eni mizimbe, mayi wa tomato. Eni mpunga apezeka kuti ndi anthu atatu, ndipo aliyense ankayesa nazale ndi yake yekha.

Phokoso. Ine ndakhala pachitsa.

Mkanganowo watha chonchi: malo ndi ochepa, ndiye aliyense akumbe dzenje lake m'munsi, motsata ngalande, madzi azisefukira kwa mnzake. Pofika swala yamasana maenje atsopano ndi anayi. Okhota, osayeza, lina ngati mbale, lina ngati manda. Ndapempha kuti ndiyezeko ndi chingwe. "Che Mwenye, pumulani, mwatopa ndi ukwati."

Bambo Yohane amva za mlamba wothawa. Zawapweteka kuposa ine. Abweza miyala 20 ija, aonjeza 33 yakugombe, ayala potulukira dzenje lililonse kuti alonda otsala asathawenso. Madzi akudutsa m'miyalamo pang'onopang'ono, zinyalala zikutsalira. Ndi zomwe zili papepala la alangizi! Ndawaonetsa pepalalo. Aligwira chozondoka. "Eya, nzeru za usodzi zimenezi."

Miyala: 118.
Maenje: 7.
Mabango: 1. Asanu ndi atatu apita kukachirikiza tomato.

Popita kunyumba ndadutsa kuseri kwa mpanda wa Che Bwanali. Sindimamvetsera za eni. Koma mawu a Abiti Mussa safuna kumvetsera, amakupeza okha:

"Pano ndi pamudzi pa amayi anga. Paipi ikalowa, inu mutuluka."

Ndafulumira.

Lamulungu, 29 Okutobala

Komiti yakumana 9 koloko. Ndabwera ndi kope, masamu onse, ndi mawu opepesa amene ndawakonza m'njira. Sanandifunse.

Che Bwanali, maso ofiira: "Abale, ine chiyambire paipi ija sinkandisangalatsa." Onse avomera. Mphindi 11. Paipi yafa.

Kenaka asankha komiti ya dimba. Dimba, osati dambo, alemba choncho. Apampando: Abiti Mussa. Woona za nsomba: Bambo Yohane. Abakha: palibe wawatchula, Ashehe anali pomwepo. Ine andipatsa udindo wowerenga. Ndafunsa kuti ndiziwerenga chiyani. "Chilichonse, Che, inu mumakonda." Ndikafuna kulowamo ndiziyamba ndapempha, ndingaponde mpiru.

Ndayamba kale ntchito. Madzi a swala yam'mawa ndi yamasana adutsa maenje onse n'kulowa pansi pa phazi la 41. Kutsala mapazi 23 ouma kufika padooko. Ndaponda ndi chidendene, ouma ndithu. Botolo la dzenje lomaliza: si loyera, koma chala chikuoneka kuseri kwake.

Si zimene ndinajambula. Alangizi akadzabwera sindikudziwa ndidzawaonetsa kuti ndi dzenje liti la chiyani. Lachisanu likubwerali sindikudziwa. Mvula ikadzagwa sindikudziwa. Ashehe akadzatchulanso ndowa ndidzafunsa: ya chitsulo kapena ya malole?

Dambo langa latha masiku asanu ndi limodzi. La eni ake layamba. Ndilibe amene ndingamukwiyire, aliyense anabwera ndi mphatso.

Abiti Saidi atunga padooko, aphika tiyi. Alawa, atafuna milomo. "Akusowa kenakake."

Ndafunsa ngati ndi shuga.

"Ayi. Komiti."

Ndamwa makapu awiri.

Bango lotsala lija lili pakona, pakati pa nthochi ndi mizimbe, latulutsa tsamba latsopano. Ndapempha chilolezo kwa apampando a dimba, andilola. Ndalimangirira katoni yatsopano, zilembo zazing'ono kuti zikwane zonse: CHONDE MUSAZULE ILI.

Pobwerera ndapeza mbuzi yadya katoniyo kuyambira kumapeto. Patsala CHONDE.

Mabango: 1. Alihamdulillahi.