Ludzu la Mkungudza wa Bwana Shefi

Kumapiri a Angoniya,
chilimwe cha 1973

Kwa Bwana Shefi wa Posito, wolamula dera lino, tate wa ife tonse,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ndine Romano, mlimi wamba wa kunsi kwa phiri lanu. Ndati ndithokoze chifukwa cha mbande ya mkungudza imene munaitanitsa kutsidya kwa nyanja yamchere.

A Victorino, sipayi wanu, msilikali wa pa Posito uja, anatifotokozera bwino. Akuti mtengowu ukakula, amuna makumi awiri ogwirana manja sauzungulira, ndipo umakhala zaka zikwi ziwiri. Akutinso kwawo umamera m'mbali mwa mitsinje, mizu ili m'madzi. Ife mbuli tikanaubzala kudambo. Inu, ndi nzeru za kusukulu, munaubzala pamwamba pa phiri, pamiyala, pafupi ndi bandera, kuti aliyense aziuona.

Choyamba, zikomo potseka ngalande yopita kumadimba athu. Tsopano kasupe yense ndi wa mtengo, ndipo akazi athu amakwera phiri madzi ali pamutu, ndowa ndi ndowa. Mkazi wanga Berta khosi lalowa m'mapewa, koma ndamuuza kuti kutungira mlendo madzi ndi ulemu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mbalamatodya, thabwa lomenyera lija, imene munatupitsa nayo manja a mnansi wanga Mateus, atapatutsa ndowa imodzi kukathirira kabichi wake. Munthuyu sankadziwa kuti zomera nazo zili ndi azungu ake.

Chachitatu ndi kachewere wanga. Ndiye amatiolotsa miyezi ya njala chimanga chikatha m'nkhokwe. Lero masamba agona pansi, nthaka yang'ambika. Ndikamuyang'ana mtima umandiwawa, Bwana, sindibisa. Mtengo wanu nawo wangofika m'mawondo, ndipo wayamba kufiira kunsonga. Kapena ndi mmene imasangalalira mitengo ya kwanu, ife sitingadziwe.

Pempho langa ndi laling'ono. Mtengo umene uli ndi zaka zikwi ziwiri kutsogolo ungathe kupirira ludzu mpaka mvula itagwa. Kachewere sangafike Lamulungu likudzali. Chonde, titsegulireni ngalande.

Ngati nzosatheka, sitidandaula. Amisiri a matabwa a ku mishoni ya Fonte Boa amati mkungudza sufumbwa, bokosi la maliro lopangidwa nawo ndi laulemu. Tingopempha kuti muulamule ukule msanga, monga mumalamulira zonse, pakuti ana anga atatu adzaufuna chimanga chisanache.

Ine wanu wogwadabe,
Romano,
mwini dimba looneka pa zenera lanu