Sopo, Therere ndi Mapapo a Mwana Wanga

Lolemba

Mwana wabadwa pa opaleshoni, masiku asanakwane. Mtsikana. Kutalika kwake ngati nsapato yanga. Ali m'bokosi lagalasi, timapaipi m'mphuno. Esnart, mkazi wanga, akungoyang'ana kudenga.

Adokotala akuti timatumba ta m'mapapo mwake tikumatana ngati pulasitiki yonyowa. Amuthira mankhwala oterera ngati sopo kuti tizitseguka. Choopsa n'chakuti madzi otuluka m'magazi amatha kufooketsa mankhwalawo. Akuti akatswiri akuyesa kuthiramo polima, mankhwala onanda, kuti azilimba, koma zimenezo zidakali kumalabu.

Polima! Ine ndemwe ndimathira polima mu penti tsiku lililonse ku fakitale ya ku Heavy Industrial!

Kenaka apongozi atulukira kuchokera kwawo ku Marapodi. Sanalowe n'komwe kokamuona, agamuliratu pakhonde: "Mwana sakulira m'galasi ngati nsomba. Sondo timutenga, akagone pachifuwa pa amake, abusa amupempherere."

Esnart sanawatsutsepo amayi ake chibadwire. Kamwanako kakachoka pa mpweya uja, sikafika n'komwe kwathu ku Chawama.

Pulani: kuwaphunzitsa apongozi sayansi lisanafike Lamlungu, Sondo yawoyo. Ku koleji sindinapite kukaotha dzuwa.

Lachiwiri

Zofunika: pulasitiki yoikamo buledi, sopo, beseni, apongozi.

Zitatu zoyambazo zikumvera.

Ndikunyowetsa pulasitiki, yamatana. Ndikuuzira, ikukana. Ndikupaka sopo mkati, ndikuuziranso: fwaa, yatseguka! Thovu kukamwa, maso akuwawa, koma ndikumwetulira ngati mphunzitsi.

Apongozi: "Ndiye mdzukulu wanga akumuchapa m'kati?"

Ndikufotokoza kuti si sopo weniweni, amatenga m'mapapo a ng'ombe.

"A ng'ombe!"

Afunda chitenje kumutu. Lamlungu layandikira kuposa dzulo.

Kuchipatala kachifuwa ka mwana kakulowa mkati kwambiri akamakoka mpweya. Ndikuyang'ana mpaka ineyo kuiwala kupuma.

Lachitatu

Lero phunziro la polima. Ya kuntchito sindingatulutse pageti, ndiye ndagula therere pamsika. Kutereraku ndi polima ndithu, yolengedwa ndi Mulungu.

Beseni loyamba: sopo ndi dzira losweka, m'malo mwa madzi oipa a m'mapapo. Thovu lafa. Beseni lachiwiri: sopo, dzira, therere. Thovu lafanso, koma pang'onopang'ono, mwaulemu.

Ndikunena kuti ichi n'chifanizo chabe. Ndikubwereza: chifanizo!

Apongozi aviika chala. Akuchikweza, ulusi ukutsatira. Chifikireni m'banja lino, lero ndi pomwe andiyang'ana ngati munthu.

"Bambo a mwana, bwanji simunanene kale?"

Ndasangalala. Chitsiru ine, ndasangalala.

Lachinayi

Chawama yonse yamva kuti ndapeza mankhwala a mapapo.

Amene afika pakhomo ndisanasambe:
bana Mwila, mayi a nyumba yoyandikana, ndi mapasa otsokomola;
mlonda wa pabala, wa chifuwa cha fodya;
mayi wina sindikumudziwa, ali ndi nkhuku ya chitopa.

Bana Mwila: "Ba dokota, osatibisila vinthu. Delele ni yakudya chabe olo tizipaka pachifuba?"

Ndikukana, ndikulumbira, ndikutchula dzina la Mulungu. Akuti odziwa enieni amakana chonchi.

Pamsika therere latha.

Kuchipatala akuti usiku wapitawu mwana anasiya kupuma pang'ono, anamugwedeza, anayambiranso. Ba sisita, namwino wa chipindacho, akunena zimenezi ngati akunena za magetsi. Ndatuluka kukakhala pansi pa mtengo.

Lachisanu

Apongozi asintha maganizo. Sakumutenganso mwana Lamlungu, akufuna amuchiritse kaye lero lomwe.

Ndikuwapeza pakhomo la chipinda cha ana, fulasiki m'khwapa, kasupuni m'manja. Therere losefa bwino, lopanda mchere, "poti ndi khanda."

Dontho limodzi pakhosi paja, basi, tatha.

Ndikugwira fulasiki. Akukoka. Mkamwini kulimbana ndi apongozi, anthu akuona! Chivindikiro chazuka. Therere pansi, kuyambira pakhomo mpaka pa tebulo la anamwino. Woyamba kugwa ndine. Wachiwiri ndi bambo wina wonyamula zovala zochapa. Wachitatu ndinenso.

Ba sisita: "Ndani anawauza vamene ivi?"

Apongozi, chala chili pa ine: "Awa. Anapita ku koleji."

Loweruka

Ndaitanidwa ku ofesi ngati mwana wa sukulu. Adokotala sakukalipa, zomwe zikupweteka kwambiri. Akuti mankhwala aja amalowa kudzera pa kapaipi, m'manja mwa anthu ophunzira ntchitoyo, ndipo polima ija ngakhale iwo sanaigwirepo. Akuti kuyambira lero ndizingokhala bambo.

Apongozi awalowetsa mkati. Awasambitsa m'manja mpaka m'zigongono, awaveka chophimba kukamwa. Ine ndili panja pa galasi, thalauza likununkha ndiwo.

Aima pa bokosi nthawi yaitali. Sakupemphera mokweza ngati kale. Dzanja lawo lili pagalasi, ndipo dzanjalo likubisa mwana yense.

Mwana amuthiranso mankhwala kachiwiri. Tidikire, akutero adokotala. Liwu limeneli ndadana nalo.

Lamlungu

Abusa abwera, apempherera pakhonde. Abale a ku Marapodi abwera ndi bulangeti lonyamulira mwana.

Apongozi aimirira pakati pa onse, apinda bulangetilo, aika m'chikwama.

"Mwana sachoka muno. Muno muli malamulo. Kunyumba kuli atate ake ndi mabeseni awo."

Onse agwedeza mitu movomereza, ngakhale abusa. Esnart waseka koyamba sabata ino, kenaka walira chifukwa cha ulusi wa opaleshoni.

Ndiye mwana akhala m'chipatala kuti atetezedwe kwa ine. Chabwino. Ndavomera. Akafuna ndisaina.

Andilola kulowa, manja kumbuyo, ba sisita ali pambali ngati wapolisi. Kachifuwa kakukwera, kakutsika. Kakukwera. Pakati pake pali kampata kamene sindikukakonda.

Sindikufotokozeranso munthu chilichonse. Ndangoima, ndikudikira kakwerenso.