Filimu ya Zimitsani

Maliro a Jethro asanathe n'komwe, mphekesera inali itazungulira kale Bundabunda yense. Ankati mkazi wanga Nelesi, amene tinamuika m'manda kumbuyoku, akadali mu tepi ya filimu imene malemuyo anajambula. Akuti ukaika tepiyo mu vidiyo, amaoneka ali pa windo, tsitsi loluka bwino, akucheuka n'kuseka, mpata wa mano uja uli poyera. Woyambitsa nkhaniyi anali Lawson wootcha makala. Iye ankalumbira kuti anasuzumira tsiku lina Jethro akuonera, koma Lawson akafika polumbira amakhala atamwa kale. Pagulu ndinamutsutsa. Kunyumba ndinakagona nayo nkhaniyo.

Inu amene simunamudziwe Jethro, munapuma. Kuno dzina lake linali Zimitsani. Anagwirapo ntchito mu holo ya bayisikopo ku Lusaka, ndipo ukamumva akufotokoza ukanati mafilimu onse ankapanga ndi iye. Ntchito yake yeniyeni inali kuzimitsa magetsi ndi kuunikira anthu mipando ndi tochi. Holo ija itagulidwa ndi anthu a mapemphero, anabwerera kumudzi ndi tochi yopanda mabatire ndi matenda odana ndi kuwala. Akalowa m'nyumba mwako, moni ankabwera pambuyo.

"Kwawala muno! Zimitsani!"

"Ba Jethro, ilo ni dzuwa."

"Ndiye valani chitseko. Chinthu chabwino sichionekera poyera."

Ku tchalitchi ankakhala pakona, chipewa kumaso. Pa ukwati wa mwana wake anakangana ndi wojambula zithunzi chifukwa cha fulashi.

Tsoka lathu linafika m'thumba la jasi. Jethro anagula jasi la salaula, zovala zakale zija za pa kaunjika, ndipo m'thumba anapezamo buku la zithunzi lopanda chikuto. Zithunzi zinali m'timabokosi, mawu akutuluka m'kamwa mwa anthu ngati utsi. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma ndinaona kuti si Chingerezi. Mphunzitsi wina wa ku Chalimbana analitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti ndi chizungu cha azungu ena. Jethro anakondwa kwambiri.

"Ndiye kuti mawu nizaikamo neka."

Nkhani yake, malinga ndi Jethro, inali ya munthu wovala zakuda, wobisa nkhope, wokhala mu tauni imene mvula sikata ndipo dzuwa silituluka. Amamenya mbava osamwetulira. Mdani wake ndi mkulu wina wolemera, wadazi. Muli mkazi wa pa windo amene ngwaziyo imalephera kumupulumutsa. Mapeto ake palibe ankawadziwa, chifukwa Jenala, mkazi wa Jethro, anakulungira vitumbuwa masamba omaliza. Jethro anayenda khomo ndi khomo kufunsa amene anagula vitumbuwa sabata imeneyo. Tsamba limodzi analipeza ku chimbudzi cha pamsika, litagwira kale ntchito ina.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Jethro anati buku ili ndi filimu imene yangosowa woijambula.

Ngwazi ija anaitcha Mwaye, ndipo udindo anapatsa Lawson, poti makala anali atamaliza kale theka la ntchito. Kenako anabwera kwa ine, n'kuvula chipewa changa osapempha.

"Ba Tenson, Mulungu anakukonzerani kale mutu wa filimu."

Ndinakhala Chidazi, mdani wa Mwaye. Mpaka lero ana amandikuwiza Chidazi panjira, chifukwa cha filimu imene ngakhale makolo awo sanaione.

Chovala cha Mwaye chinali pulasitiki yakuda yofunditsira matumba a chimanga, chigoba cha kumaso chinali chubu cha tayala la thirakitala. Tsiku loyamba Lawson kuyenda nazo masana, azimayi akwathu a kum'mawa anataya mitolo ya nkhuni n'kuthawa, ati gule watuluka. Eni dziko, Asoli, anamuzinga ndi mikondo, ati ndi uja amaba ng'ombe. Mkulu wa mpingo, ba Sanford, anamuletsa Mgonero, n'kupita kwa Jethro kukanena kuti amubweza pokhapokha Mwaye alape kumapeto kwa filimu.

"Mu buku sanalape," anatero Jethro.

"Mwaziba bwanji? Mapeto si anapita na vitumbuwa?"

"Munthu wa nkhope iyi sangalape. Muoneni nsagwada."

Jethro anali wotero. Chilichonse chimene buku lanena, ndi lamulo. Chimene buku silinanene, nalonso ndi lamulo, koma lotuluka m'kamwa mwake.

Vuto lalikulu linali mvula. Chinali chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu cha thandizo. Kumwamba kuli mbee, azimayi akuchezera pamzere wa pa mjigo, Jethro n'kumati mu buku mvula ikugwa patsamba lililonse. Anakweza munthu pa makwerero ndi kheni yothirira dimba kuti azivumbitsa pamutu pa Lawson. Kheniyo inali ya Nelesi, madzinso anali a Nelesi, ndipo ine ndi amene ndinabwereketsa osamuuza. Anafika mkazi wanga atamanga chitenje m'chiuno, beseni m'manja, n'kuliika pa mapazi a Lawson.

"Iyi mvula yanu muziitunga pansi, muzibweza kumwamba. Dontho limodzi likatayika, muzamwa filimu."

Mvula ya mufilimu yonse inali madzi a beseni limodzi. Pofika tsiku lachitatu inali yakuda ngati tiyi wa pamaliro, ndipo Jethro anati tsopano yafanana ndi ya m'buku.

Tsiku lomwelo anamuyang'ana Nelesi, n'kuyang'ana buku, n'kumuyang'ananso.

"Mulamu, ndimwe mukazi wa pa windo."

"Achita chani uyo mukazi?"

"Aimirira pa windo, acheuka, ndiye afa."

"Nife chifukwa cha buku la mu salaula?"

"Mufa pang'ono chabe."

"Afe ba Tenson, ndiye alibe nchito pa nyumba."

Anakana kufa, koma windo anavomera. Chifukwa chake anandiuza tili awiri. Chibadwire anajambulidwa kamodzi kokha, chithunzi cha pa reji, chitupa chija cha boma, ndipo pamenepo ankaoneka ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni. Ankafuna kudziona kamodzi ali munthu. Analukitsa tsitsi, anabwereka ndolo, anatulutsa chitenje chimene ankasungira Khirisimasi. Ine ndinamuseka. Ndinati nkhalamba ikudzikonzera chibwenzi ndi kamera.

Kamera inabwera ndi Mervin, wojambula maukwati wa ku Lusaka, amene anatsika minibasi atanyamula batire ya galimoto pamutu. Malipiro ake inali mbuzi. Tinajambulira mu shedi yakale ya fodya, dzuwa lili paliwombo. Jethro anatseka kabowo kalikonse ndi masaka, mpaka tinkapezana ndi fungo. Sanakhutire. Anavula sokosi yake yakuda n'kuiveka pa diso la kamera.

"Mudala, sinikuona chilichonse," anadandaula Mervin.

"Ndiye yayamba kukhala filimu."

"Koma anthu azaona chani?"

"Iwe uziba maukwati chabe. TV ili na magetsi yake mukati. Vonse vizatuluka."

Mervin anayang'ana mbuzi ija panja, n'kutseka pakamwa ndi mzimbe.

Mmene ankajambula za pa windo, ine sindinaone kanthu. Ndinali chafufumimba pa masaka, bondo la Lawson lili pamsana panga, akundipha kachisanu poti Jethro ankati sindikufa ngati munthu wolemera. Ndinangomva windo likutseguka, Jethro akukalipa, Nelesi akuseka. Madzulo anandifunsa ngati anaoneka bwino. Ndinati anaoneka ngati kale lomwe. Anandiponyera chipande.

Jethro anapita nayo tepi ku Lusaka kukaionera. Anabwerako wofatsa ngati wochokera ku chipatala. Tonse tinamuchingamira pa siteji.

"Ili bwanji?"

"Siinapse."

Mwezi wotsatira, siinapse. Chaka chotsatira, ikusowa mapeto. Nelesi ankamukumbutsa akakumana pa chigayo, ankati, "Mulamu, nizaione nikali na mano." Kenako mkazi wanga anadwala. Sanafe pang'ono ngati mmene Jethro analonjezera.

Abale ake a ku Katete anabwera kudzalira, ndipo pobwerera ananyamula miphika, makina osokera, chitenje chija, ndi kachikwama mmene munali reji. Anandisiyira kheni. Poyamba sindinadandaule za chithunzi. Nkhope ya munthu amene wakutukwana zaka zonsezo ungaiiwale? Koma imathawa, anzanga. Mawu ake ndimawamva mpaka lero, makamaka ndikaiwala kutsekera nkhuku. Mphuno ndi imene inayamba kuchoka. Kenako maso. Ndinatsala ndi mpata wa mano wokha, ukulendewera m'mutu mwanga popanda nkhope.

Ndinapita kwa Jethro.

"Nipase tepi, nimuone kamodzi chabe."

"Siinapse, Tenson."

"Sinifuna filimu yako. Nifuna mukazi wanga."

Anayang'ana pansi, akuseweretsa tochi yake yakufa ija. Ndinamutukwana. Ndinamutcha wozimitsa magetsi wa azungu, woumira, mfiti ya masana. Ndinamutumira ba Sanford, ndinamutumira Jenala. Yankho linali lomwe lija. Tinasiya kulankhulana, ngakhale iye sanasiye kubwera. Ankafika, kukhala pa mpando wa Nelesi, n'kumapita. Chimodzi chokha ndinachiona mochedwa: kuyambira pa maliro aja, m'nyumba mwanga sananenemonso kuti zimitsani. Tsiku lina anandipeza ndakhala ndekha chitseko chotseka, ndipo anachitsegula yekha.

"Kwada muno," anatero.

Jethro anamwalira ndi chifuwa mwezi wathawu, masana enieni, dzuwa likuswa mtengo, ngati linamuchitira dala.

Bundabunda tsopano ndi wowala. Zitseko zili pululu, mawindo a tchalitchi onse otsegula, ana akuseweretsa magalasi padzuwa popanda wowathamangitsa. Palibe amene amalowa m'nyumba ya mnzake ndi mkangano m'malo mwa moni. Tonse timapatsana moni mwaulemu, n'kukhala, n'kusowa chokamba. Lawson anabwezedwa ku Mgonero osalapa. Ine ndikamva phazi pakhomo ndimapezeka ndagwira kale chitseko kuti nditseke.

Atasesa maliro, Jenala anandiitana. Anatulutsa tepi m'thumba la jasi lija.

"Tengani, mulamu. Ine sin'naionepo. Anali kugona nayo kumutu ngati mankhwala."

Loweruka tinakwera galimoto kupita pa boma pa Chongwe, ine, Jenala ndi Lawson. Ndinavala jekete, nsapato ndinapolisha, dazi ndinadzola mafuta. Lawson anandifunsa ngati ndikupita kukafunsira. Kuseri kwa msika kuli kanyumba koonetsa mavidiyo, ndipo mwini wake anavomera kutiikira anthu a masewera a nkhonya asanabwere.

Tepi inalowa. TV inachita phokoso, kenako bii.

Mwini kanyumba anaimenya pambali. Anapotoza kabatani ka kuwala mpaka kumapeto. Bii yemweyo, wangotuwa pang'ono. Mawu okha ndi amene ankamveka, ndipo onse anali a munthu mmodzi, poti ndi iye anaima pafupi ndi kamera. "Kwawala! Vala apo! Tenson, ifa bwino!" Pansi pa mawuwo, Mervin akutafuna mzimbe.

"Apa ndiye nikumenyani," ananong'ona Lawson.

"Wazibira chani?"

"Nakumbuka chabe."

Tinakhala pa benchi tikuyang'ana mdima. Jenala anayamba kulira mwakachetechete, kaya chifukwa cha mawu a mwamuna wake, kaya chifukwa cha mbuzi ija. Ndiye mwadzidzidzi pakona panang'anima kabokosi kotuwa. Windo. Ndinaimirira, chipewa chinagwa. M'kabokosimo munayamba kulowa kanthu, ndipo ndinasendera mpaka mphuno inagunda galasi.

Unali mkono wa Jethro. Ndinauzindikira ndi wotchi yake yosayenda. Unakoka bulangete n'kuphimba windo.

"Zimitsani!"

Tinabweza kumbuyo katatu. Mwini kanyumba anati anthu a nkhonya afika.

Jethro anaiona tepi iyi ulendo uja wa ku Lusaka, Nelesi akadali ndi mano ake onse, chitenje chikadali m'bokosi, Mervin ndi kamera yake akadapezeka. Akanatha kunena. Ndikanagulitsa kheni, ndikanamutengera mkazi wanga kwa wojambula wa pamsika, wa fulashi. Kaya anatseka pakamwa ndi manyazi, kaya pambuyo pake ndi chifundo, akayankhe yekha kumene wapitako. Ndikhulupirira kuti kukuwala kwambiri.

Lawson anati mwina vuto ndi TV. Si TV. Nelesi mulibe mu tepi ya Jethro. Muli mkono ndi bulangete.