Mchila wa ku Rasha

Lolemba
Mlamu wanga wabwela kuchokela ku Rasha, kumene boma linamutuma kukaphunzila za mathilakitala. Anzake amabweletsa wailesi. Iye wandibweletsela mchila! Chipsepse chimodzi chachikulu ngati cha nsomba, mapazi onse awili umalowetsa momwemo. Ati kumeneko anthu amathamanga nacho m'madzi kuposa bwato.

Apongozi aamuna adzafika Lamulungu kuchokela ku Chipata. Chikwatilileni mwana wawo amanditcha "akamwini a mapepala", ati manja anga amangodziwa chidindo cha mu ofesi. Zimandiwawa, sindinama. Ulendo uno adya nsomba yobaya ine ndemwe. Ndalengeza pamaso pa akazi anga, amake Tisa. Angopitiliza kusankha nyemba.

Lachiwili
Zofunika:
– mkondo (akundisulila ku msika wa Chilenje)
– mphila ya chubu cha njinga, yoponyela mkondowo
– magalasi a m'madzi (m'tauni monse mulibe, sopo yemwe mulibe)
– kusambila (ndinkatha ndili mwana, thupi siliiwala)

Ndavala mchila pabalaza. Kuima ndikutha. Kuyenda ayi. Ndadumpha kawili ngati chule, kachitatu ndapita pansi pamodzi ndi tebulo. Chithunzi cha ukwati chasweka galasi.

Lachitatu
Ndimati ndiyese m'bafa, koma kwathu kuno ku Kabwata mipope yonse yauma. Ndikuyesela pabedi. Mlamu akuti mphamvu yake ili m'chiuno, uzipindika ngati njoka. Ndili mkati mopindika, amake Tisa alowa, ayang'ana, atuluka, atseka chitseko pang'onopang'ono.

Funso: thupi lonse likamagwedezeka chonchi, mkondo ulunjika bwanji? Ndamufunsa mlamu. Ati iye sanavalepo, anangoona pa kanema. Mayo ine!

Lachinayi
Ndaupukuta mchila, ndauyanika pachingwe. Cholakwa chachikulu. Ba neba, amake Mulenga, auona, adzilemba chizindikilo cha mtanda pankhope, ulendo kumsika. Pofika masana sekishoni yonse ikudziwa kuti ndikusunga mamba muntu, mkazi wa m'madzi uja, kumtunda munthu kumunsi nsomba.

Acheyamani a chipani m'sekishoni mwathu abwela ndi anthu awili. "Muli shani, komuledi. Uyo mulendo wanu wa mu manzi, ali na kadi ya chipani?" Ndafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Asuzumilabe m'bafa, apeza ndowa yopanda kanthu. Achoka osakhutila.

Lachisanu
Abwana a kuntchito andilola kuyesa m'dziwe losambila kunyumba kwawo ku Kabulonga. Madzi obiliwila, koma ndi madzi.

Zotsatila:
– liwilo lilipo, eee, lilipo!
– kukhota kulibe
– kuima kulibe
– khoma lilipo

Pamphumi pali chotupa ngati dzila. Nsomba ikakhala kutsogolo kwanga ndendende, osasuntha, ndingaiphe ndi mutu. Ikangopatuka pang'ono, tionana chaka chamawa.

Loweluka
Damu la pafamu ina kupitilila Lilayi. Kuchokela pamtunda mpaka m'madzi ndikudumpha miyendo pamodzi, mkondo m'manja. Phuu! Phuu! Nsomba iliyonse ya nzelu yasamuka. Matope avunduka, sindikuona ngakhale dzanja langa. Mchila wakodwa m'bango. Ndikumva chinthu chachikulu chikugwedezeka kumbuyo. Ndatembenuka, ndaponya mkondo!

Ndalasa. Mchila wanga womwe.

Andikoka ndi chitenje amayi awili owedza ndi mbedza, beseni lawo lodzaza nsomba. Ataona kumapazi kwanga, mmodzi wakuwa, onse athawa. Beseni sanaiwale. Ndabwela kunyumba ndi matope m'makutu ndi manyazi okhaokha.

Lamulungu
Apongozi atsika basi ndi mtolo wa nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa. Mtolo waukulu, wonunkhila mpaka kwa amake Mulenga. "Mwana wanga, amake Tisa, anatuma uthenga Lolemba lomwelo," akutelo, "kuti akamwini akukabaya nsomba, ndiye tibwele ndi ndiwo."

Lolemba! Ndisananyowe n'komwe!

Makala ndi onyowa, mbaula ikukana kuyaka. Apongozi autembenuza mchila, alowetsa chala pabowo la mkondo, andipatsa. "Kupizani ndi ichi, akamwini."

Ndikukupiza. Moto wayaka bwino zedi, nsomba zikupsa. Apongozi agwedeza mutu: "Anthu a ku Rasha amadziwa kupanga zinthu."